Msoko Wanga

Ku Gao, kuseri kwa msika wa mchere,
ndimawotcherera zitsulo.
Bambo anandisiyira makina ndi mawu amodzi:
msoko wabwino sudontha.

Anabwera nyengo ya fumbi, amuna awiri,
nkhope zokulunga m'nsalu, maso okha pamtunda.
Ankafuna thanki m'kati mwa thanki,
kachipinda kogona pansi pa dizilo.
Sindinafunse.
Wowotcherera amavala magalasi akuda,
amaona lawi lokha, zina zonse ndi usiku.

Analipira ndalama zatsopano, zosapindika.
Ndinagula mapira matumba atatu,
nsapato za Tekna, mankhwala a mayi a shuga.
Kenako lole yachiwiri, yachisanu,
ndinaleka kuwerenga.

Madalaivala akamwa tiyi pakamwa pamamasuka.
Ufawo, akuti, umawoloka nyanja yamchere
n'kutsika padoko anthu ali mtulo.
M'chipululu njira ili ndi eni ake,
pachitsime chilichonse mfuti yatambasula dzanja.
Ufa umapitirira kumpoto kukalowa m'mphuno za olemera,
msonkho umatsala,
n'kusanduka zipolopolo, njinga zamoto,
ndi malipiro a tianyamata
timene dzana tinkathamangitsa mbuzi.
Ine ndinkati: zanga ndi chitsulo basi.

Lachinayi, dzuwa lisanafike paliwombo,
nthaka inadumpha.
Tambula ya tiyi inagwa yokha pabenchi.
Tinathamangira kuchipata cha asilikali
kumene amayi amayala anyezi ndi makala.
Anyezi anali mbwee msewu wonse.
Silipasi imodzi. Wailesi ikuyimbabe.
Sidaty wogulitsa madzi ali chafufumimba,
bulu wake ataima pambali, kudikira kuti anyamuke.

Mu utsimo ndinachiona,
chibenthu cha thanki chofota ngati tsamba,
ndipo pamenepo msoko,
mikanda yondondozana bwino, yokhota pang'ono kumapeto
momwe limathera dzanja langa lamanzere.
Chitsulo chonse chinang'ambika.
Msoko wanga ayi.

Madzulo wamkulu wina ananena pawailesi
kuti dziko lalumidwa ndi adani ochokera kunja.
Ndinatembenuza manja anga.
Sanawolokepo malire alionse.
Ngakhale wapachipata chamsewu uja
amene amalandira envelopu n'kuyang'ana kumwamba,
tinaphunzira naye kalasi imodzi.
Dziko silibowoka tsiku la bomba.
Limayamba kudontha mwakachetechete,
m'magalaja ngati yanga,
Lolemba wamba, munthu akuganiza za nsapato za mwana.

Mawa kukubwera lole ina, uthenga wafika kale.
Amadziwa sukulu ya Tekna.
Amadziwa utoto wa chitseko changa.
Ndakhala panja, magalasi akuda ali pamwendo,
mtsinje ukudutsa kumusi osandifunsa kanthu.
Bambo, munandiphunzitsa kulumikiza.
Simunandiuze kuti chitsulo sichisankha
chimene achilumikiza nacho,
kapena kuti munthu amamasula bwanji
msoko umene anausoka bwino.