Musazimitse Makina Anu

Chipale chikugwa pa Gdańsk,
bambo atatsala ndi mzere umodzi wokha
pa chidziwitso cha maliro a mwamuna wa mayi Wiesława,
kompyuta inangoti zii, nkhope yonse buluu.
Tikukonza zinthu. Musazimitse makina anu. 7%.

Anavula magalasi.
"Ndinagula ndi thukuta langa, Jagoda, lisiti lili m'kabatimo.
Ndani uyu wolowa osaodira,
n'kuuza mwininyumba kuti adikire pakhonde?"

Ndinati akumata ming'alu, bambo.
Mwaiwala za Leszek wogulitsa mabuku uja?
Anakana kwa zaka ziwiri, akuba n'kulowa,
kumanga zolemba zake zonse,
dipo lake mtengo wa galimoto.

"Mlonda ndi wabwino," anatero.
"Koma mlonda wanji wolemba m'kope
nthawi imene ndadzuka, mawu amene ndafufuta,
dzina la mankhwala amene ndinafufuza pakati pa usiku
ndisanauze ngakhale iwe?"

Mankhwala ati?

34%.

"Ndili mnyamata, ukanyamula telefoni,
mawu ankabwereza m'khutu:
zokamba zanu zikumvetseredwa.
Kalata inkafika ndi chidindo pamimba.
Ankhanza aja anali ndi kaulemu kamodzi:
ankakuuza.
Awa andipatsa mabatani awiri,
Tsopano ndi Usiku Uno.
Nanga Ayi anamutaya kuti?"

Munavomera nokha, ndinatero, masamba makumi anayi aja.
"Ndinavomera monga munthu avomerera mvula."

Ndinafuna kunena kuti ziliponso zina,
zaulere, zosasuzumira m'chipinda,
koma makina athu osindikizira, nkhalamba ya chitsulo,
samva chilankhulo chake.
Ndinafuna kunena kuti ine ndilibe chobisa,
foni m'thumba inanjenjemera
ngati yaseka.

Tiyi anazizira. Tinakhala duu,
anthu awiri akuluakulu kuonerera timadontho
tikuthamangitsana mozungulira.

Kenako: Takulandirani!
Zonse zili pomwe munazisiya.

Dzina la malemu panalibe.
Mtanda unalipo, ndi tsiku lobadwa,
kwinako mbee.

Belu la pachitseko linalira,
mayi Wiesława akukutumula chipale pachipewa.
Bambo anayambiranso ndi zala ziwiri,
chilembo, chilembo,
dzanja lamanzere likugwedezeka pang'ono
mmene sindinalionerepo.

Ndinayang'ana kompyuta ija.
Yakhala nafe miyezi isanu ndi inayi basi,
ine zaka makumi atatu,
koma iyo ikudziwa.