Sitigulitsa pa Sikelo

Kuseri kwa galaja ya a Chavula ku Chibavi
kuli Bedifodi yogona pa njerwa.
Matayala ake anapita kalekale,
ena anasanduka nkhwayira,
ena malegeni omangira makala pa njinga.
Nkhuku ya a NyaLuhanga imaikira pa mpando wa dalaivala
ndipo palibe amaipirikitsa.

Lachiwiri, mvula yamawawa ija ya kuno isanakate,
kunabwera mnyamata wogula zitsulo zakutha,
sikelo m'manja, foni pakhutu.
Anamenya chitseko ndi nsonga ya nsapato:
"Madala, chiphakasa ichi ndi makilo angati?"

Ine ndinali kunsi kwa Siyenta ya wina, sipanala kukamwa.
Ndinamva a Chavula akupukuta girizi pa ovolosi,
pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Yamba wayeza izi, mphwanga.
Inatuta njere za tangi
tauni ino ili mizere ya mitengo ndi matope.
Inatsika ndi matabwa a ku Chikangawa
m'chifunga choti dzanja lako lomwe sulidziwa,
bambo anga ali patsogolo wapansi ndi nyali,
kuilozera msewu ngati ng'ombe.
Pa Chiweta inkakwera ikulira,
ine kumbuyo ndi mwala, kudikira kuti ikatopa ndiigwirize."

A NyaLuhanga anatulukira ndi beseni la zovala:
"Ndipo muyeze ndi mwana wanga.
Ndinachirira pamwamba pa matumba a chimanga,
Ekwendeni tikumuona uko,
iyo itakana kulowa giya.
Mpaka lero ku Zolozolo amamutchula Giya,
chonsecho ndi mphunzitsi wamkulu."

Anyamata a sakaramento anaimika njinga.
Wina akuti agogo ake anabwerera m'menemu kuchokera ku Joni
ndi wailesi, jekete ndi chifuwa.
Wina akuti inanyamula timu yonse ndi ng'oma zomwe
tsiku lomwe tinagonja zinayi kwa duu
koma tinabwera tikuimbabe.
Wina sanayankhule.
Anangosisita thabwa lakumbuyo
pomwe panagona bokosi la mayi ake.

Mnyamata uja anatchula mtengo.
Sindinama, unali mtengo.
Denga la galaja limadontha malo asanu ndi awiri,
ndipo ndinaona maso a a Chavula akukwera kudengako,
nakhalitsa.

Kenako anati, "Wongani, tenga hendulo."

Tinathira dizilo wa m'botolo la sobo,
tinabwereka batire ya Siyenta mwini wake asakudziwa.
Ndinapukusa mpaka phewa kuyaka.
Zii.
Anapukusa wa sakaramento. Zii.
Mnyamata wa sikelo anaika foni m'thumba,
nalavulira m'manja.

Inatsokomola kamodzi.
Kawiri.
Utsi wakuda bii unakwera kupitirira mapaini,
nkhuku inathawira pa windo ikutukwana,
ana a sukulu anakuwa ngati tachinya chigoli,
dzimbiri likugwa ngati mapira,
nthaka ya Chibavi ikunjenjemera m'mapazi mwathu
kwa mphindi imodzi, mwina osakwana.

Basi inazima.

Mnyamata uja anayang'ana zikhatho zake zakuda,
natola sikelo yake, osatsanzika.
Madzulo ndinakwera padenga ndi phula
kukamata mabowo awiri mwa asanu ndi awiri aja.
Pansi, a Chavula ankabwezera mazira pa mpando,
limodzilimodzi, akadali ofunda.