Kulondola Mapazi

Andituma ndi njinga, kope ndi botolo la klorini
kuti ndikalondole mapazi a chinthu chopanda mapazi.
Kwa Khombedza mabedi adzaza,
ena agona pa mikeka pansi pa tenti,
madiripi akulendewera pa chingwe ngati zovala zoyanika.

Ndayamba ndi Lekeleni wa sitandade folo,
maso alowa m'kati, milomo yang'aluka.
Unadya chiyani Lachiwiri?
Mandasi awiri, pa geti la sukulu.
Anakupatsa ndani?
Mayi Asiyatu, ndi dzanja,
poti foloko yawo inagwera m'matope.

Mayi Asiyatu ayamba kulira ndisanafunse.
Ine ndine waukhondo, alangizi, taonani mbale zanga.
Zoonadi mbale zikuwala.
Koma Lolemba anali kumaliro a Mkwaila,
anasamba m'manja m'beseni limodzi lija
lomwe linayambira kwa amene anakonza mtembo,
n'kudutsa kwa adzukulu, n'kuzungulira amuna onse,
pofika kwa amayi madzi ali bii,
ndipo panalibe woti akane,
kukana beseni pamaliro n'kunyoza wakufa.

Nanga Mkwailayo?
Akuti anamulodza chifukwa cha malire a munda.
Mkazi wake akuti masiku awiri okha,
m'mimba mukutuluka madzi ngati otsukira mpunga,
iye akumupukuta ndi chitenje, akumumwetsa ndi kapu
yomwe ankamweranso ana.
Wandilozera chitsime cha kudambo.
Ndayenda ndikuwerenga:
mapazi makumi awiri ndi atatu
kuchoka pa chimbudzi chimene mvula ya Januwale inagumula
kutsetsereka mpaka pakamwa pa chitsimecho.
Madzi ake ngoyera mbee.
Ukhoza kudziyang'anira nkhope.

Sumani wa ku labu anandionetsapo kamodzi pa makina ake:
kanthu kopindika, ka mchira,
ngati koma wolembedwa ndi mwana wongophunzira kugwira pensulo.
Anati aka kamakwera madzi, manja ndi miyendo ya ntchentche.
Mbale wake amakwera chifuwa
m'minibasi ya ku Lilongwe mawindo ali chitsekere,
wina amagona mu mkaka wosawiritsa,
wina amadikira m'dothi zaka ndi zaka
kuti khasu likuteme chala.
Palibe amene ali ndi mapiko, anatero akuvula magolovesi,
timawanyamula tokha, ulere.

Tsono ndakhala pa chitsa, kope pa bondo,
ndikujambula mivi:
chimbudzi, chitsime, kapu, chitenje, beseni, mandasi, mwana.
Ndafunafuna mfiti pa tsambali, sindinayipeze.
Ndapeza mkazi wopukuta mwamuna wake,
anansi osafuna kuti mnzawo apite wosasamba,
ndi mayi amene anawonjezera mwana ndasi lachiwiri
poona kuti alibe ndalama.
Ndiwauze bwanji kuti kanadzera m'menemo?

Ndathira klorini m'zidebe khumi ndi zinayi.
Wina wati akununkha chipatala, samwa.
Ndamwa ine, akuona, kapu yodzaza.

Pobwerera, tcheni chathothoka pafupi ndi chigayo,
ndipo ndikuchibwezera, manja ali mafuta okhaokha,
ndakumbukira:
Lolemba lija nanenso ndinaliko.
Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi mtengo wa mango.
Beseni linandipeza,
ndinaviika zala, n'kuthokoza mtsikana amene analigwira.
Ndatsegulanso kope,
pansi pa dzina la Asiyatu ndalemba langa.

Kunyumba Tiferanji wandionera patali,
akuthamanga manja ali m'mwamba, chimanga chootcha kudzanja,
akufuna ndilumeko.
Ima pomwepo, ndakuwa,
mawu atuluka aukali kuposa m'mene ndimafunira.
Waima, mlomo ukunjenjemera.
Ndaponda mpondagiya,
sopo watsala kachidutswa ngati chikhadabo,
ndikupaka pakati pa zala, kuseri, m'zikhadabo,
iye akundiyang'ana,
sakudziwa chimene walakwa.