Doko la ku Mchesi

Magetsi akathima, a Chimphepo amayatsa kandulo
n'kutsegula doko lawo patebulo lodyera.
Katoni ya sopo, lezala lothyoka pakati,
tizidutswa ta mlombwa totola kwa akalipentala
amene masana amakhoma mabokosi a maliro mumsewu uno.

Sitima yapamadzi sanakwerepo.
Yawoyi anaiona pakalendala ya kubanki,
ndiye amayeza ndi lula ya mdzukulu,
kuboola mawindo ndi nsonga ya singano:
makumi anayi ndi awiri, limodzi lokhota.

"Katoni ija ndimasungiramo nyemba,"
amatero akazi awo, osakweza mawu.

Ndege yokatera ku Lumbadzi ikamadutsa
amaleka kumata, guluu akuuma kuchala,
kumvetsera mpaka phokoso litamira cha ku Kanengo.
Kudenga zilipo zitatu, zolendewera pa ulusi,
zonse zaloza kukhomo.

Mvula ya Januwale itadzaza ngalande,
mdzukulu anaba sitima ija.
Inayandamatu! Inadutsa paokala, pachigayo,
kenako n'kufewa ngati buledi mu tiyi.

Iwo sanakalipe.
Anangotola lezala, n'kufunsa mwanayo:
"Pomira inapendekera mbali iti?"