Majuzi Khumi ndi Anayi

Loweruka, ku Peterhead. Mphepo ya kudoko
ikulowa m'khosi ngati mpeni wotumbulira nsomba.
Tagonja zitatu kwa ziwiri.
Chachitatucho chinadutsa pakati pa miyendo ya Struan
pang'onopang'ono, ngati mphaka wolowa m'nyumba ya eni,
ndipo ine, bambo wa imvi zanga,
dikoni wonyamula mbale ya chopereka,
ndinakuwa dzina lake
ndi liwu limene sindinapempherepo nalo.

Makolo anamva. Woyimbira mpira anamva.
Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi anamva,
nawerama ngati wataya ndalama m'matope.

M'minibasi ya mpingo munali zii.
Ngakhale Fergus wolongolola uja
anangoyang'ana mvula ikutsetsereka pagalasi.
Ndinkayendetsa nsagwada zili gwa,
ndikuwerenga zigoli zimene tinaphonya
monga ndiwerengera makatoni ku fakitale ya nsomba,
lililonse ndi mtengo wake.

Chikho chija ndinkachifuna, Ambuye, ndisaname.
Ndinali nditapukuta kale shelefu m'holo ya tchalitchi,
pakati pa ketulo ndi chithunzi cha abusa akale.
Ndinkati ndi ulemerero wanu.
Nanga mu nyuzipepala akanalemba dzina la yani?

Usiku ndinakhuthula thumba la majuzi m'khitchini.
Morag anali atagona, makina ochapira anafa Lachitatu,
ndiye ndinagwada pa beseni.
Nambala seveni, ya Innes, yong'ambika kukhwapa:
mayi ake amagwira ntchito usiku, wosoka palibe.
Nambala folo, ya Kacper, amene chaka chatha
Chingerezi chinkamukanika ngakhale moni,
lero ndiye amakalipira anzake kumbuyo kuti atseke mpata.
Nambala naini ikununkha tchipisi ndi viniga,
kaya anadya nthawi yanji.
Pansi penipeni, magolovesi awiri
okulungidwa bwinobwino m'juzi yobiriwira,
mmene munthu amabwezera katundu wa eni
akatsimikiza kuti sadzabweranso.

Madzi anada bii. Ndinataya, ndinathira ena.
Mawondo anayamba kuwawa,
ndipo m'kuwawamo ndinakumbukira
kuti inunso munagwadapo ndi beseni ndi thaulo
pamaso pa timu imene inali pafupi kukuthawani,
ndipo simunafunse kuti wachinyitsa ndani.

Sindinalire. Amuna a kuno sitilira, timangotsokomola.
Ndinatsokomola nthawi yaitali.

Lamulungu m'mawa, ndisanamange tayi,
ndinakagogoda kwawo, kuseri kwa sitolo ya maukonde.
Anatsegula yekha, supuni ili m'manja.
Ndinati, Struan, wolakwa dzulo ndine.
Mpira umapulumuka aliyense,
koma mawu aja sanayenere kupulumuka pakamwa panga.
Anayang'ana magolovesi, m'zala mukadali monyowa,
anawanunkhiza, nakwinya mphuno:
Mwachapira sopo wanji? Akununkha ngati makatani a kutchalitchi.

Chikhululuko chake chinali chomwecho basi.
Ndinachinyamula ndi manja awiri mpaka pa benchi yanga.

Kupambana ndikukufunabe.
Njala imeneyo musandichotsere,
ana awa aphunzire kuthamanga mpaka m'chifuwa mutenthe,
adziwe kuti kugonja kumaluma
ndi kuti munthu amadzuka m'mawa mwake, mano ali onse.
Koma ndikaima pamzere paja, mtima uli m'mwamba,
mundikumbutse kuti munandibwereka ana khumi ndi anayi,
ndipo podzawerengerana simudzafunsa za shelefu.

Pashelefupo ndaikapo makapu ndi chitini cha mabisiketi.
Lachiwiri tikumana sikisi koloko,
a zanyengo akuti kugwa matalala.
Struan wati abwera,
bola pagolo ndiyambe kuima ndine,
iwo onse azindichinya mmodzimmodzi,
iye ali pambali, manja m'thumba,
akundikuwira dzina.