Timangokuonani Msana

Loweruka lino mwera wandipitirira kudzuka,
wasesa bwalo langa, zinyalala wakaunjika kwa eni ake.
Salima amene ndimamudziwa ndi wa thukuta,
wa malaya omatirira kumsana.
Lero wavala juzi ya kaunjika, manja wapisa m'khwapa,
wangoti zii.

Magetsi anathawa usiku. Foni yafa.
Yusufu, wakabaza wanga, ndimuitana ndi chiyani?
Ndiye ndatuluka ndi miyendo iwiri
imene ndinaiwala kuti ndi yanga.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndadutsa njira iyi
nditakhala pa kaliyala, maso pa nkhongo ya munthu,
ndikuwerenga mphindi za ku ofesi.
Sindinkadziwa kuti kuseri kwa mpanda wa a Nangozo
kuli mpoza wopindika ngati chigongono,
kuti chigayo chija chinatsekedwa kale,
ndipo pa chitseko pake makala akunenabe:
Ngongole mawa.

Ndatsata njanji.
Udzu wamera pakati pa zitsulo, wauma, ukunong'ona.
Mbuzi zitatu zagona pomwepo kuothera dzuwa,
zopanda mantha,
tsiku la sitima zimalidziwa kuposa ine.
Thonje lothawa pa malole
lakodwa m'minga ya mthethe, loyera mbee,
ngati mtengo wamera imvi usiku umodzi.
Ndatola kachidutswa, ndaika m'thumba.
Musandifunse chifukwa.

Pa khonde la golosale yotseka
Che Bwanali akupalasa makina, phazi lili m'sokosi yobooka,
akudula manja a jekete
losokedwera munthu wamtali wa dziko lina.
"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ndinu alendo kuno?"
Ndaloza denga langa, ilo apo, la dzimbiri kumphepete.
Atsitsa magalasi, andizungulira ndi maso,
kenako phwete:
"Oo, ndinu aja a chikwama chakuda!
Pepanitu, timangokuonani msana."

Ndaseka nawo. Mano azizidwa.

Patsogolo pali nyumba ya chitseko chobiriwira.
Pamenepa pankakhala bambo wa chipewa cha ubweya,
ankakweza dzanja m'mawa uliwonse,
ine n'kugwedeza mutu, mwina, masiku ena.
Lero mpando palibe.
Miyendo yake inayi yasiya maenje m'dothi,
ndipo nkhuku ikusamba fumbi pakati pake.

"A Gwaza?" atero mayi wootcha mbatata pambali,
akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha ndowa.
"Tinaika m'nyengo ya mvula, Lachitatu.
Masamba tinayala pamsewu.
Yusufu anatsika, anakankha njinga.
Inunso munatsika ndithu,
koma munali pa foni."

Sananene mokalipa.
Anena ngati akutchula mtengo wa mbatata.

Ndagula ziwiri, ngakhale njala ndilibe.
Zikundiwotcha m'manja, sindikuzisinthanitsa.
Gwaza.
Dzina ndalilandira mwini wake atapita,
ngati chenji chobwezedwa golosale itatsekedwa.

Ku mzikiti mawu akwera, mphepo yawathyola pakati,
theka lagwera kumsika, theka pa ine.
Kamnyamata ka mamina ouma kakuyendetsa galimoto ya mawaya,
kaimika, kandipatsa njira ngati dalaivala waulemu.
Ndakapatsa mbatata imodzi.
Kandifunsa dzina.
Ndakauza lonse, ndi la mfunda lomwe,
ndipo kabwereza molakwitsa, kakuthamanga.

Pobwerera ndayenda ngati woyeza munda wogula.
Mjigo uli apa, chogwirira chake chomanga ndi mphira.
Galu wa khutu limodzi ndi wa nyumba iyo.
Mlambe uja, kani uli ndi mphako,
ndipo wina amasungamo tsache.

Mwadzidzidzi mawailesi onse adzuka pamodzi,
ana akuwa: "Ayaka!"
Ine ndaimabe panja, fumbi lafika m'mawondo,
chala chikusisita thonje m'thumba,
chapeza njere yolimba m'kati mwake.

Lolemba ndidzamuuza Yusufu
azikandidikira pa njanji.