Womvera Mitsempha

Ntchito yanga ndi kukhala pakona
n'kumamvetsera munthu amene wagonetsedwa.

Lero ndi Tikambenji, mphunzitsi wa ku Chawama,
ana makumi asanu ndi awiri m'kalasi imodzi,
choko sichinachoke m'zikhadabo.
Chithokomiro chakula mpaka kolala yakana kumanga.
Asanagone anandigwira dzanja:
"Chotsani zonse, koma mawu mundisiyire.
Ana aja samva kunong'ona."

Tsopano pakhosi patseguka.
Penapake m'mnofu wofiirawo
muli kamtsempha kowonda ngati ulusi wosokera batani.
M'kaulusiko muli "Khalani chete!" wa Lolemba m'mawa,
muli nyimbo imene anayambitsa pamaliro a mayi ake,
muli dzina la mwana wake likamaitanidwa madzulo.
Diso likhoza kukaphonya.
Mpeni sudziwa kuti uyu ndi mphunzitsi.

Dokotala Simutowe akhudza ndi kachitsulo.
Makina ayankha: thi, thi, thi.
Kamzere kobiriwira kadumpha pagalasi.
"Ndi komweko. Mulambalale."

Kale ankandiseka m'makonde:
wabwera uja wa kawailesi.
Lero foni sigona.
Ku Woodlands akundifuna Lachiwiri, msana wa mtsikana wopindika.
Ku Longacres Lachitatu, khutu.
Wina ku Ndola akuti ndinyamuke usiku womwe uno.
Bokosi ndi limodzi.
Ndimalimanga lamba pampando wakutsogolo ngati mwana wodwala,
n'kumazemba maenje ndi maminibasi mu Lumumba.

Abwera a masuti ndi timabuku tonyezimira,
mitengo m'madola.
Akuti msika ukukula.
Ine ndikamva msika ndimaona Soweto,
tomato, matope, mawilibala.
Sindinkadziwa kuti mantha odzuka wopanda mawu
nawonso angayalidwe pathebulo.

Komabe amalume a Yotamu
anatuluka m'chipinda chonga chino
mawu akufwefwenthera ngati tayala lobooka.
Zaka khumi ndi chimodzi
ankatiitana pogogoda kapu ndi sipuni.
Akanakhalapo wokhala pakona tsiku lija.

Thi, thi,

zii.

Kamzere kagona chagada.
"Imani."
Liwu langa ndi laling'ono, koma manja onse aima m'malere.
Ndifufuza waya: uli m'malo.
Dokotala amasula pamene anakoka.
Tidikira.
Ndikumva jenereta kuseri kwa khoma,
ndikumva namwino akumeza malovu,
ndikumva kapu ndi sipuni.
Mphindi imodzi. Ziwiri.
Thukuta latsika mpaka m'nsapato.

Thi.
Kofooka, ngati mwanapiye m'dzira.
Thi, thi.
Palibe woombera m'manja.
Dokotala angoti, "Tipitirize," maso osachoka pabala.

Madzulo ndikukulunga mawaya,
foni ikunjenjemera m'thumba.
Ndidutsira ku wodi, sindiyenera, koma ndidutsa.
Tikambenji watsegula diso limodzi.
Milomo youma, bandeji pakhosi.
Sakundikumbuka.
"Madzi," akutero.
Mawu okhakhala, osakongola,
koma afika mpaka pakhomo pamene ndaima.

Panja, pabenchi ya simenti,
bambo wina wakhala, khosi lotupa, chipewa pabondo.
Amuuza mtengo wa opaleshoni,
ndi mtengo wina ngati kabokosi kadzakhalapo.
Akuwerenga ndi zala,
afika pa chala chomaliza, ayambiranso.
Ndimudutsa, bokosi m'manja,
lolemera kuposa m'mawa.